Dzanja Lamanzere la a Zefaniya

Atsibweni anga, a Zefaniya, anamwalira mwezi wathawu kuchipatala cha ku Mtengowanthenga, ndipo thupi lisanafike n'komwe pamudzi, funso linali litafika kale: kodi mpingo uimba? Kwathu kuno, m'mapiri a ku Dowa, munthu amene wakulira m'tchalitchi amaperekezedwa ndi nyimbo, amayi atavala yunifolomu yawo, mlaliki ataima kumutu kwa bokosi. Wopita popanda nyimbo amasiyira abale ake manyazi, ndipo manyazi amenewo satha ndi mvula imodzi. Atsibweni anali mkulu wa mpingo kwa zaka zambiri, koma anafa ali odulidwa. Popeza ine ndine mwana wamkulu wa mlongo wawo, ndine amene ndinatuma uthenga kwa mlembi wa mpingo, a Lefani, kuti atiuze pamene tiime. Anayankha kuti abwera okha kudzanena. Tinayala mphasa pasiwa n'kuyamba kudikira.

Chimene chinawadula ndi masewera. Ndikanena choncho kwa anthu a kutali amathamangira kuganiza za juga, ndiye ndimakakamizika kuyambira pachiyambi.

Masewerawo tinkawatcha msampha. Atsibweni anabwera nawo kuchokera ku esiteti ina ya fodya cha ku Kasungu, kumene anagwira ntchito ali mnyamata kwa azungu a ku Mangalande. Pamakhala kabokosi ka matabwa, ndipo pamwamba pake pamagona kamtengo kopendekeka. Kumapeto kumodzi kwa kamtengoko mumaika mpira wolimba wa labala. Womenya amagogoda mapeto enawo ndi thabwa lake, limene ife tinkati chipande, mpira n'kudumpha m'mwamba, iye n'kuuwomba kuti ukadutse pakati pa mizati iwiri yozikidwa kumapeto kwa bwalo. A timu inayo amandanda kuseri kwa mizatiyo. Mmodzi wa iwo amatola mpira n'kuugubuduza kubwerera, kulinga kachitseko kakang'ono kamene kali kutsogolo kwa bokosi. Kachitseko kakagwa, womenya watuluka, ndipo kakapanda kugwa wapeza chigoli. Palibe wothamanga, palibe wogwetsana. N'chifukwa chake amuna a mimba ndi a mawondo ofooka anawakonda msanga.

Anayamba ndi aphunzitsi ndi madikoni ochepa kuseri kwa sukulu yathu, pa kachidikha kokhako kamene Mulungu anatisiyira pakati pa zitunda. Patapita zaka midzi ina inasema mabokosi awo, tinangozindikira tili ndi ligi yoyambira kufupi ndi Madisi mpaka kukafika ku Malomo, m'boma la Ntchisi. Inkayamba fodya akagulitsidwa, n'kutha mitambo ya mvula ikayamba kusonkhana. Alendo ankabwera pa njinga, ena pa matola, zipande atazikulunga m'matumba a feteleza. Eni bwalo ankapha nkhuku ndi kuphika thobwa, koma mowa sunkaloledwa ngakhale fungo lake. Opambana chaka chimenecho ankasunga bokosi loyambirira, losema atsibweni, dzinja lonse. Mphoto inali yomweyo basi, koma amuna a imvi ankasiya kupatsana moni chifukwa cha iyo.

Mpingo wathu suchedwa kukayikira chinthu chimene chimaseketsa anthu. Koma msampha unaulola, chifukwa atsibweni anatsimikiza kuti awa ndi masewera a anthu opemphera. Ankati ku Mangalande amaseweredwa pa kapinga kuseri kwa matchalitchi, anthu akaweruka ku mapemphero. Panalibe amene anapitako kuti awatsutse. Ndipo umboni unali m'lamulo limodzi limene ankalisunga kuposa ena onse. Chipande chimagwiridwa ndi dzanja lamanja lokha. Lamanzere limapindidwa pachifuwa, chigongono chili pambali, zala zitapindika theka, ndipo limakhala pomwepo mpaka womenya atatuluka. Woligwetsa ankatulutsidwa pompo, kaya ndi mlendo, kaya ndi mphunzitsi wamkulu. Atafunsidwa tanthauzo lake, atsibweni anati dzanjalo limakhala pamtima kusonyeza kudzichepetsa, kuti munthu asadzitukumule akamenya bwino.

A Lefani, amene pa nthawiyo anali dikoni komanso woweruza wa masewera athu, anaikonda kwambiri nkhani ya dzanjayi. Anailalikirapo kwa achinyamata kangapo, ataima kutsogolo, dzanja atalipinda pachifuwa, kutiuza kuti umu ndimo mkhristu amaimira pamaso pa dziko. Ife tinkagwedeza mitu. Ine ndemwe, ndi satifiketi yanga ya uphunzitsi, ndinaimitsa ana a sitandade sikisi mzere wonse n'kuwakonza zala mmodzimmodzi.

Atsibweni anali munthu wamfupi, wa dazi lowala, wovala tayi ngakhale posesa bwalo. Bwalolo ankasesa okha, chifukwa ankati wina aliyense amasiya timiyala dala. Bokosi ankalipaka mafuta a mtedza ndi kansalu, mofatsa kuposa mmene ankadzolera nkhope yawo. Sanalawepo mowa chibadwire, ndipo ankanyadira zimenezo mokweza. Chawo chinali shuga. M'tiyi ankathira mpaka supuni kuvutika kuzungulira, ndipo ankakhulupirira kuti palibe chowawa kapena chowawasa chimene shuga sangachigonjetse. Anali ndi mawu awo amene ankabwereza mpaka tinatopa nawo. Ankati munthu womenya mpira usanakwere ndi yemweyo amene amayankha asanamve funso. Ankatinso wogubuduza mokwiya amaphonya, chifukwa kachitseko sikadziwa kuti wakwiya. Koma iwowo kupsa mtima sankachedwa, ndipo mutu wawo unali wouma ngati mpira wawo womwewo. Akanena kuti chinthu chili bwino, chinkayenera kukhala bwino, ngakhale chikununkha.

Ndi a Gideoni, mtsogoleri wa timu ya ku Malomo, ankakangana chaka ndi chaka za bwalo la kumeneko. Atsibweni ankati n'lotsetsereka, ndipo kuti mpira wa ku Ntchisi umadziwa wokha njira ya ku kachitseko. Tsiku lina anathira madzi pakati pa bwalolo kuti onse aone kumene ayenderere, a Gideoni n'kunena kuti madziwo ndi a ku Dowa, akungobwerera kwawo. Sanalankhulane mpaka kukolola. Ndi akazi awo, a Nambewe, mkangano unali wa nkhuku. A Nambewe ankati m'khola mwawo nkhuku siifa ndi chitopa, imafa ndi ligi. Koma mkwiyo umene unatidabwitsa ndi wa tsiku limene mwini bala ina ya pa Madisi anabwera mwaulemu, chipewa chili m'manja, kudzapereka kapinga wa kuseri kwa bala yake kuti tizisewererapo. Anali malo osalala bwino, okhala ndi mthunzi. Atsibweni anamuthamangitsa mpaka kumsewu, tayi itapita kuphewa. Tinaganiza kuti ndi changu cha pa Mulungu.

Masiku ano, mukakwera minibasi pakati pa Madisi ndi Mtengowanthenga, mukhoza kuona mnyamata akupinda dzanja lamanzere pachifuwa n'kukodola mnzake ndi nsidze. Kumeneko ndiko kuti tiyeni tikamwe. Ena amanena ndi pakamwa kuti tiyeni kwa Zefaniya. Ambiri mwa iwo sadziwa kuti Zefaniya anali munthu, wokhala ndi mlongo ndi ana. Ndazimva kangapo ndili pampando womwewo, nkhope n'kutentha, maso n'kuwaponya kunja pawindo. Zimenezi zinachokera pa tsiku limodzi lokha.

Chinali chaka chimene ife ndi a ku Malomo tinatsala awiri pamwamba, ndipo masewera omaliza anagwera pa bwalo lathu, m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. A Nambewe ndi amayi anzawo anaphika thobwa lodzaza mgolo. M'mawa wa tsiku la masewera kunamveka zovuta m'mudzi woyandikana nawo, ndipo masewera anaimitsidwa, chifukwa kwathu kuno sumenya mpira anzako akulira. Malirowo anachedwa kuikidwa chifukwa ankadikira ana ochokera ku Joni. Thobwa linakhala mumgolo, kunja kukutentha. A Nambewe atalilawa anati lasasa, likapatsidwe nkhumba, aphika lina. Atsibweni anakana, amvekere chimera satola pamsewu. Analawa okha, n'kuvomera kuti lawawasa pang'ono, koma mankhwala ake ankawadziwa. Anagula mapaketi a shuga n'kukhuthulira momwemo, kukamwa kwa mgolo n'kumanga zolimba ndi pepala la pulasitiki kuopa ntchentche, kenako anaugubuduzira m'chigafa cha fodya, mofunda bwino. Mayi aliyense wophika mowa m'dera lathu akanawagwira chanza kuwayamikira.

Tsiku latsopano la masewera litafika, anthu anadzaza mpaka pa chulu. Kunali amayi a mumpingo, ana asukulu, akulu ampingo anzawo, ngakhale abusa anadutsako pang'ono asanapite ku ulendo wawo. Pa nthawi yopumula mgolo unamasulidwa, thovu n'kutuluka lokha. A Gideoni analawa, anayang'ana anyamata awo, n'kupempha kapu ina mwaulemu waukulu. A Lefani anangonyowetsa milomo n'kukhuthulira kumbuyo mwakachetechete. A Nambewe anapita kukagwada pafupi ndi amuna awo n'kuwanong'oneza kuti auchotse mgolowo anthu asanachuluke. Zikanathera pomwepo. Koma atsibweni anamva ngati akunyozedwa pamaso pa alendo. Anaimirira n'kulengeza kuti thobwa lawo lilibe vuto, ndipo kuti aliyense aone, anamwa kapu yodzaza osapuma. Anatunga ina. Anati n'lozuna kuposa masiku onse, anatunganso. Munthu amene m'mimba mwake simunalowepo dontho la mowa anamwa ngati ng'ombe yochokera ku dibi, ife tikuyang'ana.

Itakwana nthawi yawo yomenya, anafika pa msampha tayi atavula, kapu ili m'manja. A Lefani, monga woweruza, anawauza mofatsa kuti aike kapu pansi ndipo dzanja libwerere pamtima. Atsibweni anaseka chikhakhali, kuseka kumene sindinakumvepo kwa iwo.

"Pamtima pa chiyani, Lefani? Tabwera kuno."

Anagwira dzanja lamanzere la a Lefani, analipinda pachifuwa monga anawaphunzitsira zaka zonsezo, anakonza zala, kenako anaikamo kapu ija. Inakhala ngati anachita kuyeza.

"Ntchito yake ndi imeneyo," anatero. "Azungu aja ankasewera kuseri kwa bala, tambula ya mowa ili apa. Dzanja limodzi lomenyera, lina lomwera. Za tchalitchi ndinapeka ine. Ine ndinali wotsuka matambula."

Kenako mayi wina pa chulu anaphulika, ndipo bwalo lonse linamutsatira. Anthu anaseka mpaka kugwirana, ana asukulu akugubuduka m'fumbi, aliyense akupinda dzanja kuonetsa mnzake. Amuna onse a ligi, madikoni, aphunzitsi, oimba kwaya, tinazindikira nthawi imodzi kuti kwa zaka zonsezo takhala tikuima pamaso pa akazi athu ndi ana athu ngati zidakwa zodikira kuthiridwa. A Lefani anaima pomwepo, kapu ili m'dzanja, osadziwa poiika. Sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo, ndipo sindikudziwa ngati anali a atsibweni kapena anga.

Chopweteka n'chakuti anamenya bwino kuposa tsiku lina lililonse la moyo wawo. Analanda kapu yawo, anaidzazanso, ndipo mpira uliwonse unkadutsa pakati penipeni pa mizati, thobwa osatayika ngakhale dontho. A ku Malomo anaphonya kachitseko mpaka kutopa, mwina chifukwa nawonso maso anali atayamba kuona tizitseko tiwiri. Atsibweni sanatulutsidwe ndi munthu. Anangokhala pansi okha, n'kugona chammbali pafupi ndi bokosi, n'kusanza. Tinawatengera kunyumba pa ngolo imene inali itangotsitsa manyowa, a Nambewe akuyenda pambuyo atafunda chitenje kumutu. Mpaka lero palibe amene amadziwa kuti chaka chimenecho anapambana ndani.

Akulu ampingo atakhala pansi, anawadula chifukwa cha kuledzera ndi kunamiza mpingo. Sindinganene kuti anawalakwira. Atsibweni sanakane kanthu, ndipo wina atayesa kukankhira mlandu kwa amayi ophika thobwa, iwo anati shuga anathira okha ndi dzanja lawo. Khomo silinatsekedwe. Anauzidwa kuti nyengo ya chilango ikatha adzalowe m'tchalitchi Lamulungu lina mgonero usanachitike, adzaime kutsogolo, adzavomere pamaso pa anthu, ndipo adzalandiridwa ndi chanza. Ambiri adutsa njira imeneyo, ena pa milandu yonyansa kuposa thobwa, ndipo lero amakhala kutsogolo atapinda miyendo. Ligi yokha ndiyo inafa chaka chomwecho. Panalibe mkhristu wofuna kuonedwa atagwira chipande. Mwini bala uja anasemetsa bokosi lake, ndipo ndikumva kuti mpaka pano amasewera kuseri kwake Loweruka masana, botolo lili kudzanja lamanzere.

Nyengo itatha, atsibweni anayesa. Ndinalipo. Anavala jekete yawo yakuda, a Nambewe atawasitira, nalowa pakhomo anthu atakhala kale. Anayenda pang'onopang'ono pakati pa mabenchi, maso ali pansi. Atafika chapakati, mnyamata wina wa m'kwaya anapinda dzanja pachifuwa kuonetsa mnzake. Sanafune kuti aonedwe, koma mnzakeyo analephera kudzigwira, ndipo kuseka kwa m'mphuno kunayenda benchi lonse mpaka kwa amayi. Atsibweni anaima. Khosi lawo linachita thukuta, ndinaliona ndili kumbuyo. Anatembenuka n'kutuluka, ndipo m'tchalitchimo sanapondemonso. Palibe amene anaimirira kuwatsatira. Mlaliki anapereka nambala ya nyimbo, tonse tinaimba, ndipo mpingo wathu sunaimbepo mokweza ngati tsiku limenelo.

Koma kutchalitchi sanasiye kupita. Lamulungu lililonse ankavala tayi, n'kunyamuka belu lisanalire, n'kukakhala panja, pa mwala wina umene unatsala pomanga maziko, pansi pa windo la kumbali ya amayi. Ulaliki ankaumvera pamenepo, nyimbo ankaimba motsitsa, ndipo chopereka ankapatsira mwana kuti akaponye. Mvula ikagwa ankabwera ndi ambulera. Mgonero uliwonse ukayandikira a Lefani, amene tsopano anali mlembi, ankawafikira pa mwalapo kuwakumbutsa kuti khomo lili chitsegukire. Iwo ankayankha kuti ulendo uno mwendo ukuvuta, adzalowa ulendo winawo. Zaka zinapita choncho. Amayi a makanda olira, amene amatuluka pakati pa ulaliki, anazolowera kuwapatsa ana kuti awagwirire, iwo n'kubwerera m'kati. Atsibweni anali ndi luso lake la kugwedeza bondo ndi kung'ung'udza nyimbo ya m'katimo, mwana n'kugona. Ana ambiri amene lero ali ku pulayimale anagonapo pa jekete yakuda ija, ndipo ena anaikodzera.

Kamodzi kokha ndinawafunsa za bodza lija. Tinali pakhonde pawo tikusola mtedza, iwo atakalamba kale.

"Aphunzitsi," anatero, pakuti ndimo ankanditchulira akafuna kundiseka, "ine chipande cha azungu aja sindinachigwirepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinkaonera pawindo la kosukira matambula. Nditabwera kuno ndinachita zonse monga ndinaonera, ndi dzanja lomwe, kuopa kuti ndikasiya chimodzi masewera sakoma. Ndiye Lefani anandifunsa tanthauzo lake pagulu. Ndikanati chiyani? Kuti mkulu wanu wa mpingo ankapukuta masanzi a azungu ku bala?"

Ndinati anthu akanaseka tsiku limodzi n'kuiwala. Anati n'zoona, koma iwo tsiku limodzilo ndi limene ankaliopa. Ndinawauza kuti alowe basi, ndiwagwira dzanja mpaka kutsogolo, ndipo wosekayo adzaonana ndi ine. Anavomera ndi mutu, n'kunena kuti tidzaona mgonero wa pambuyo pa kukolola. Chifuwa chinawagwira chimanga chisanaume.

A Lefani anafika pasiwa m'mawa wa tsiku loika maliro. Anabwera wapansi, opanda jekete, opanda buku m'manja, ndipo titangowaona choncho tinadziwa. Nawonso ndi nkhalamba tsopano. Anakhala pa mphasa pakati pa ine ndi a Nambewe, anapepesa maliro, kenako ananena zimene anabwerera. Akulu anakumana, anakambirana mpaka kutopa, koma lamulo ndi lomwe lija limene atsibweni eniake anagwiritsapo ntchito pa maliro a ena. Akhristu akhoza kubwera ngati anansi, koma yunifolomu ayi, mlaliki ayi, nyimbo ayi.

"Ine ndinkawadikira, mayi," anatero kwa a Nambewe. "Kuchokera pamwala paja kufika pakhomo, mwana wokwawa amafika."

A Lefani anapukuta m'maso ndi chikhatho n'kupita kukakhala kwa amuna.

Nkhani itamveka, amuna a kudambwe anatuma munthu mwaulemu. Anati a Zefaniya anali munthu wamkulu, sayenera kupita ngati nkhuku, ndipo ngati mpingo wawakana, iwo ali okonzeka kubwera ndi ng'oma kudzawaperekeza ndi gule. Achibale ena anayamba kugwedeza mitu movomereza, chifukwa chete wa pamanda amaopsa. Onse anayang'ana ine, ine n'kuyang'ana a Nambewe. Iwo anathokoza wotumidwayo, n'kunena kuti amuna awo sanali a kumeneko, ndipo ngati nyimbo zawo zakanizidwa, apite chete.

Anapitadi chete. Anthu anabwera ochuluka kuposa maliro ena onse amene ndawaona pamudzi pathu, mpingo wonse utavala zakumunda. A Gideoni anafika pa njinga yamoto kuchokera ku Malomo, atagwiriridwa ndi mdzukulu wawo, ndipo anaumirira kunyamula nawo bokosi ngakhale pang'ono. Kuchokera kunyumba mpaka kumanda kunkangomveka mapazi ndi kutsokomola. Amayi amene amadziwa nyimbo zonse za m'buku pamtima ankayenda atatseka pakamwa ndi nsonga za zitenje, osayang'anana. Kumanda kunamveka makasu a adzukulu ndi dothi logwera pa matabwa. Ndinalankhula mawu a banja mwachidule, ndipo sindikukumbuka zimene ndinanena. Ndimangokumbuka kuti panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anandiyang'ana kumaso, ndipo inenso sindinafune kuti andiyang'ane.

Lamulungu lotsatira ndinachedwa dala, ndipo nditafika sindinalowe. Ndinaima pakona pa tchalitchi. Mwala uja uli pomwepo pansi pa windo, pamwamba pake posalala, ndipo patsogolo pake pali timaenje tiwiri m'dothi pamene zidendene zinkakhala. Kukhoma kuli banga lakuda pamene ankatsamira mutu, ndipo laimu wa chaka chino sanalibise. Pakati pa ulaliki mwana anayamba kulira m'kati. Mayi wina wamng'ono anatuluka mofulumira, akumasula chitenje ali m'njira, khutu lili ku ulaliki. Anakhota pakona osayang'ana, anafika pa mwalapo, n'kutambasula manja kupereka mwana. Anakhala choncho kanthawi, mwana ali m'malere akulira. Kenako anamubweza pachifuwa, anayang'ana uku ndi uku, ndipo pa mwalapo sanakhalepo. Anaima chiimire pambali pake, akumugwedeza yekha, mpaka ulaliki unatha.